Mwala wa pa Mphete ya Sharon

Mpheteyo anaiika m'kambale pakati pa tebulo, onse n'kuizungulira ngati akuona nkhope ya maliro. Mwala wake, umene mwezi wathawu unkanyezimira ngati duwa la jakaranda litanyowa ndi mvula, tsopano unali mbuu, wokalikakalika, ndipo pakona pena unali utabenthuka.

Emelia anaima chotsamira chitseko. Mpando sanam'patse, iyenso sanaupemphe.

"Uyu si mwala wanga," anatero Ferdinand, bwenzi la mng'ono wake Sharon, mnyamata wogula ndi kugulitsa miyala yamtengo wapatali amene ofesi yake inali galimoto. "Amai, munaliko tsiku lija ninaubweletsa usanaikiwe pa mphete. Ninatenga mpeni wanu wa anyezi, ninaukala pamaso panu. Mpeni unalowa?"

"Sunalowe," anayankha amayi awo a Emelia ndi Sharon.

"Ninalemba nao pa botolo, botolo ndiye inakalika. Ninakuonetsani ka mzele koyela mukati, monga munga wa nsomba. Kali kuti apa? Ija inali ametisiti. Manje mwala wokana mpeni ungagonje ku waya wotsukila mapoto? Awe. Uyu ni fulorayiti, mwala wachipa. Wina anachosa wanga, anaikapo uyu."

Sharon anangoti fwefwe, kulira. Wayayo anagwiritsa ntchito ndi iyeyo. Alangizi amene ankamukonzekeretsa za banja anali atamuuza kuti mkazi waulemu chilichonse chake chimawala, kuyambira kunsi kwa poto mpaka supuni. Mwana womvera, m'mawa umenewo atatha mapoto anavula mphete naikwecha ndi waya yemweyo kuti ikawale Loweruka pa kicheni pate yake, phwando la amayi lolangiza mkwatibwi.

"Mphete iyi inagonapo kuti kunja kwa chala cha Sharon?" anafunsa amayiwo, koma maso awo anali atayankha kale.

Inagonapo kamodzi. Sharon anaivula ku saluni ya Emelia pothandiza kutsuka tsitsi la kasitomala, n'kuiiwala pa shelefu. Emelia anabwera nayo kunyumba, ndipo satana wake anamunong'oneza kuti ayese kuivala. Amayi anamupeza kuchipinda, dzanja lili m'mwamba, akudziyang'ana pagalasi. M'mawa mwake anakwera minibasi kupita ku msika wa Kamwala ku Lusaka kukagula katundu wa saluni, mphete ili m'chikwama, ndipo ku Lusaka osula mphete sasowa.

"Sininatenge mwala ine," anatero Emelia.

"Sininakufunse," anatero amayi. "Pa Chisanu madzulo, tisanayambe kuphika, mwala ubwele pa tebulo apa. Ukapanda kubwela, Ba Ferdinand bayenda ku polisi, ine sinizabaletsa. Na pa kicheni pate ya mng'ono wako usaonekele."

Nsanje anali nayo Emelia, zimenezo tisabise. Ferdinand atangolowa mpingo wawo, amene ankamuperekeza akaweruka kumapemphero anali Emelia. Ankakhala pa benchi ya saluni mpaka kutseka, akumusimbira za migodi, mpaka tsiku limene Sharon anabweretsa chakudya cha masana atavala diresi yachikasu. Kuyambira pamenepo Emelia anasanduka mlamu. Mpingo wonse unkadziwa, msika wonse unkadziwa, ndipo pa Kafue munthu akadziwika ndi nsanje, nkhuku ikasowa amayamba kufunsa iyeyo.

* * *

Emelia anamupeza Sharon kuseri kwa nyumba, pa thandala lotsukirapo mbale, akupukuta mamina ndi chitenje.

"Unakwechela pati?"

"Nisiyeni, ba sisi."

"Nakufunsa, unakwechela pati?"

Sharon analoza ndi phazi pafupi ndi mpopi. Emelia anagwada m'matopemo, nayamba kupapasa pakati pa mamba a nsomba ndi makoko a anyezi.

"Kuchokela pamene anakuvalika, wina anaigwilapo?"

"Kulibe. Imwe chabe." Sharon anameza malovu. "Ngati munafuna chabe kunipweteka, mwanipweteka, yakwana. Bwezani. Sinizauzako munthu."

Mawu amenewo anamulasa kuposa a amayi. Chala chake chinali chitakhudza kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamtundu wa pepo, kosalala mbali imodzi ngati kodulidwa ndi lezala. Anakamanga pakona ya mpango wake.

Potuluka pageti anapeza Ferdinand atatsamira galimoto, akuseweretsa makiyi.

"Mulamu, tisafike ku mapolisi, ise ndise banja," anatero mwaulemu wake uja wa anthu ogulitsa zinthu. "Ine nimvetsetsa. Muziba, bakamba ati ametisiti iziziritsa mtima. Ipoletsa na jelasi. Kapena ndiye chifukwa munaifuna. Sungani mpaka pa Chisanu, imwe mupole, ise titenge."

"Mphete anakupangilani ndani?"

"Munthu wanga mu tauni."

"Dzina?"

Makiyi analeka kulira. "Mwayamba upolisi, mulamu?" anaseka Ferdinand, nalowa m'galimoto osatchula dzina.

* * *

Pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Kafue, pamene amayi a nsomba amaimika magalimoto opita kumwera, pankakhala mayi wina wachikulire dzina lake Choolwe. Iye sankagulitsa nsomba. Ankayala miyala pa thumba la feteleza, kudikira alendo. Anakulira ku Mapatizya, kumene amakumba ametisiti, ndipo Chinyanja chake chinkatuluka pang'onopang'ono, chikukoka Chitonga kumbuyo.

"Mwabuka buti, mwanaangu? Ufuna wa chikondi olo wa bizinesi?"

Emelia anamasula mpango. Choolwe anatenga kachibenthuko, nakayang'anitsitsa. Kenako anasankha miyala iwiri yofanana kukula, yonse ya pepo, naika umodzi m'dzanja lililonse la Emelia.

"Uti wolema?"

"Wa kumanzele."

"Uyo ni fulorayiti, wa ku Sianyolo, njila ya ku Siavonga. Wopepuka uyo ni wa kwathu. Pa maso ni mapasa, koma si ba mimba imodzi." Anatulutsa kampeni kosendera nzimbe. Pa ametisiti kampeniko kanangoterereka. Pa fulorayiti kanasiya mzere woyera ndi kafumbi. "Waona? Uyu ni wofewa. Wa pa shelefu uyu, osati wa pa chala cha mukazi wogwila nchito. Ametisiti ikapwanyika ichita monga botolo, yopindika. Uyu ung'ambika mushe, fulati, monga buledi. Kako aka ni fulati."

"Nanga kuwala?"

"Ika pa dzuwa."

Emelia anakweza yonse iwiri. Ametisiti inathwanima ngati madzi a pamtsinje. Inayo inkawala mwaulesi, ngati switi imene mwana wayamwa n'kulavula.

"Ni zoona kuti ipoletsa?"

Choolwe anaseka mpaka kutsokomola. "Bogula ndiye bakamba. Ati ametisiti iletsa moba, ibweletsa tulo, iziziritsa mtima. Ati fulorayiti itsegula mutu, ichosa kuiwala. Ine sinikana, kaili nigulitsa. Koma mwamuna wanga anakumba ametisiti mpaka kufa, na moba anamwa mpaka kufa." Anabweza miyala pathumba. "Usaunyoze maningi wofewa uyu, uli na ulemu wake. Bogula benangu babwela na ka tochi ka buluu, kamene baonela ndalama zabodza. Ukaunika ametisiti, ikhala chabe zii. Ukaunika uyu, kambili uyaka monga muli moto mukati."

Emelia anamugwira dzanja mwadzidzidzi.

"Uyaka mutundu bwanji?"

"Buluu. Monga moto wa gasi. Mwanaangu, wadwala?"

Emelia anali atanyamuka kale, akuimika minibasi ndi manja onse awiri.

* * *

Mu saluni yake munali kamakina koumitsira polishi wa zikhadabo, kabokosi kokhala ndi nyale ya buluu m'kati, kamene kasitomala amalowetsamo dzanja. Anapeza magetsi atazima. Anakhala pampando, kachibenthu kali m'manja, akutukwana chamumtima, mpaka dzuwa litapendeka pamene firiji ya pagolosale yoyandikana nayo inayamba kung'ung'udza. Anatseka chitseko, nayatsa kamakina, naponyamo kamwala kaja.

Kanayaka buluu.

Moto umenewo sanali kuuona koyamba. Tsiku limene Ferdinand anabweretsa mphete kuchokera ku Lusaka, Sharon anathamangira ku saluni kuti akonzedwe zala zojambulitsa. Analowetsa dzanja m'kamakina, dzanja linalo likujambula vidiyo, kukamwa kuli yasa ndi kuseka. Atsikana onse ankayang'ana nkhope ya mkwatibwi. Emelia yekha ndiye ankayang'ana mwala, ndipo anauona ukuyaka. Anadziuza chamumtima kuti, taonani, ngakhale mu nyale yanga yomwe ukudzionetsera. Chakudya sichinatsike tsiku limenelo.

Anatsegula foni. Vidiyo ija inali ikadali pa gulu la banja, pamene Sharon anaitumiza ndi timitima tambirimbiri. Zala zisanu, polishi wofiira, ndi kamoto ka buluu pa chala cha mphete. Apo n'kuti mphete isanagone m'chikwama cha Emelia, isanapite ku Kamwala. Palibe amene anasintha mwala. Ferdinand anaonetsa banja mwala wina, navalika Sharon wina.

Anaseka yekha, kuseka koipa, ndipo anakondwa. Inde, anakondwa, mpaka anachita manyazi. Kenako funso linamubwerera: nanga ametisiti weniweni uja anapita kuti? Akanakhala kuti anagulitsa, bwenzi atangopeza wina, poti miyala ndiyo ntchito yake.

Wokonza zikhadabo amaiwala nkhope, koma saiwala manja. Emelia anayamba kuwaona m'maganizo manja a akazi a mumpingo, limodzi ndi limodzi, mpaka anafika pa dzanja lina lalitali, losalala, lokonda kukwezedwa m'mwamba poimba.

* * *

Jasmine, wotsogolera nyimbo kutchalitchi, mnzake wapamtima wa Sharon ndiponso mkulu wa operekeza mkwatibwi, anafika Lachisanu m'mawa kudzakonzetsa zala za mwambo.

"Ba Emelia, namva vonse," anatero akukhala pansi, mawu ali ofewa ngati akuyamba pemphero. "Ine sinikuweluzani. Tonse tili na mayeselo. Nakuikani mu mapemphelo, amen?"

"Amen. Vula mphete, niviike zala."

"Aka? Ni ka galasi chabe ka ku Kamwala." Anazengereza pang'ono, koma anavula naiika patebulo.

Emelia anamiza manja onse a Jasmine m'mbale ya madzi a sopo. Kenako anatola mpheteyo mosathamanga, naiponya m'kamakina. Mwala unangokhala zii. Anaitulutsa napita nayo pazenera. M'kati mwa mwalawo, chakumbali, munali kamzere koyera ngati munga wa nsomba.

"Muchita chani?"

Emelia anatenga botolo la mafuta a tsitsi, nakanikiza mwala, nakoka. Botolo linalira tswii, ndipo panatsala mzere.

"Galasi yako ya ku Kamwala idula galasi inzake."

Jasmine anatulutsa manja m'madzi, thovu likudontha pa siketi. "Ba Emelia, si vamene muganiza. Anangonipasa kuti inithandize kugona. Ine nivutika na tulo."

"Ndani?"

"M'bale wa mu mpingo."

"Anaziba bwanji m'bale kuti sugona?"

Jasmine anatsegula pakamwa, amen sanatuluke. Anatambasula dzanja kuti alande, koma Emelia anali atafumbata kale.

"Ukaifuna, ubwele uitenge kunyumba madzulo, pamaso pa Amai."

Mtsikanayo anatuluka chothamanga, manja ali nyowe. Emelia anatsala yekha ndi mpheteyo. Chodabwitsa n'chakuti nsanje yake sinathe, inangosamuka. Kwa Sharon anagonja chifukwa cha ubwana ndi diresi yachikasu. Nanga uyu anamuposa ndi chiyani, mpaka kupatsidwa mwala weniweni?

* * *

Sharon anabwera masana, yekha, atatupa maso. Emelia anatseka chitseko, namuonetsa zonse mwadongosolo: kachibenthu m'nyale, vidiyo, botolo lokalika, kenako mphete yachiwiri. Dzina la Jasmine analitchula komaliza.

Ankayembekeza kukuwa. Sharon anangokhala, akuyang'ana kamzere koyera kaja kwa nthawi yaitali.

"Ninabaonapo mu motoka," anatero motsitsa. "Ferdinand anati amupeleka ku mapulakatisi ya kwaya."

"Ndiye waziba manje."

"Ba sisi." Sharon anatsika pampando nagwada, maondo onse pansi, manja pamodzi, monga momwe alangizi anamuphunzitsira kugwadira apongozi. "Mwala wapezeka. Amai banati ubwele pa tebulo. Muuike chabe pa tebulo. Musakambe chilichonse."

"Nikauika osakamba, ninshi navomela kuti ndine kawalala."

"Bazaiwala! Nkhuku zagulidwa, bantu bachoka ku Chipata, alangizi banimaliza. Nizayenda bwanji mu Kafue? Akanikwatila azasintha, nizamupemphelela. Imwe vizakupwetekani mwezi umodzi chabe. Imwe mulibe chikwati chotaya."

Emelia anamuyang'ana mng'ono wakeyo, amene anamubereka kumbuyo ali khanda. Kwa miyezi yonseyi ankalakalaka tsiku limene Sharon adzagwe, ndipo tsikulo linali litafika, lili pamaondo pake, koma silinkakoma. Khoswe anali atakhala pamkhate. Kumugenda Ferdinand kunali kuswa Sharon.

"Nyamuka," anatero.

"Mukakamba, bonse bazati ni jelasi. Na ine nizati ni jelasi. Simuzakhalanso na mng'ono."

Emelia sanalonjeze kanthu. Anazula kamakina pakhoma, nakulunga chingwe chake, nakaika m'chikwama pamodzi ndi mphete. Njira yonse yopita kunyumba anayenda osadziwa chimene akachite. Sharon ankabwera pambuyo, mbali ina ya msewu.

Pabwalo panali utsi ndi phokoso, azakhali akusosola nkhuku, ena akusenda mbatata. Onse anatonthola Emelia atalowa pageti. M'nyumba anapeza amayi atakhala pampando wawo, mphete yokalika ili m'kambale kaja, ndi Ferdinand atavala shati yoyera. Jasmine kunalibe.

"Wabwela nao?" anafunsa amayi.

Emelia anatulutsa mphete yachiwiri naiika pafupi ndi inzake. Amayi anaitola, naiyang'ana kuzenera, ndipo ataona kamunga kaja anagwetsa mapewa.

"Ambuye atamandike. Mwana wanga, unachitilanji?" Misozi inali ikutsika. Sanafunse kuti mwalawo unafika bwanji pa mphete ina. Anali atatopa, ankangofuna kuti zithe.

Ferdinand anaizindikira mpheteyo nthawi yomweyo. Anamuyang'ana Emelia, nayang'ana Sharon amene anaima pakhomo atazolika, ndipo ataona kuti palibe akuyankhula, nkhope yake inamasuka pang'onopang'ono. Anaimirira, natambasula manja ngati m'busa.

"Amai, musamukalipile. Jelasi ni matenda, si kufuna kwake. Za polisi zasila. Mulamu, pamaso pa Mulungu na pa banja, ine nakukhululukilani."

Akanangokhala chete mnyamatayo, mwina Emelia akanameza. Anali atatsala pang'ono. Koma anaona moyo wonse umene unali kubwera: iye kukhululukidwa pa Khirisimasi iliyonse, azakhali kubisa zikwama akalowa, ndi Sharon kugwadira munthu uyu mpaka ukalamba.

Anatsegula chikwama, natulutsa kamakina, nalumikiza chingwe pakhoma.

"Ba sisi," ananong'ona Sharon. "Napapata."

Emelia sanatembenuke, chifukwa ankadziwa kuti akangomuona nkhope asiya. Anaika mphete zonse ziwiri m'kamakina, naika foni yake patebulo, vidiyo ili yotsegula.

"Amai, tsekani makatani," anatero. "Jelasi nili nayo, siniikana. Manje bwelani muone vamene inaona."